Kodi ku London ndi kutali bwanji kucokera ku Petauke?

Tsiku limene mudzakumanenso pa gulu lanu, mudzawafunse anzanu funso ili: pakati pa Lusaka ndi Petauke, ndi kuti kumene kuli pafupi ndi London? Ambiri adzayankha msanga kuti ndi ku Lusaka, pakuti aliyense wopita ku Mangalande amayamba wakwera basi ya ku Lusaka. Koma yankho limeneli si loona. Mukayesa mtunda wa mumlengalenga moongoka, osakhota, kucoka pa bwalo la ndeke la Lusaka kufika pa bwalo la Heathrow ku London pali makilomita ngati 7,900, kapena kuti mamailosi oposa pang'ono 4,900. Kucokera ku Petauke ndi cimodzimodzi. Kucokera ku Nyimba ndi cimodzimodzinso. Kusiyana kwa malo atatuwa sikukwana ngakhale makilomita 20.

Ndiye kuti munthu wa ku Petauke amene wakhala m'basi maola 6 kapena 7, wadutsa Nyimba ndi Kacholola, waoloka Luangwa, wakwera zitunda za Manenekela mtima uli m'mwamba, nafika mu Lusaka miyendo itatupa, sanayandikire London ngakhale pang'ono. Wayenda makilomita 400 cam'mbali ngati nkhanu.

Ngati simukhulupirira, pitani kwa aphunzitsi a jogalafe mukabwereke mpira uja wojambulidwa maiko onse. Mapu a pa khoma sangakuthandizeni bwino cifukwa dziko ndi lozungulira, ndipo polijambula pa pepala lafulati mbali zina zimatambasuka mopitirira. Tengani ulusi, muike nsonga imodzi pa Lusaka, ina pa London, ndipo muukoke kuti ulimbe. Pamene ulusi wagona ndiye njira yaifupi koposa zonse, ndipo ndi imene odziwa za ndeke amayesa akamanena mtunda wa pakati pa mizinda iwiri. Mudzaona kuti ulusiwo wadutsa pamwamba pa Congo, Central African Republic, Chad, cipululu ca Sahara, nyanja ya Mediterranean ndi France. Tsopano gwiritsitsani nsonga ya ku London, inayo muisunthe kum'mawa pang'ono kufika pa Petauke. Ulusi ukwana ndithu, osaonjezera.

Makilomita 7,900 ndi ambiri bwanji? Ndi ngati kuyenda kucoka ku Petauke kufika ku Lusaka maulendo 20. Ndi gawo limodzi mwa magawo 5 a ulendo wozungulira dziko lonse lapansi, umene uli makilomita 40,000. Munthu woyenda pansi makilomita 30 tsiku lililonse, osapumula ngakhale pa Sabata, angathe miyezi pafupifupi 9, ndiye titayesa kuti pa njirapo palibe nyanja kapena cipululu.

Mtunda umenewu sunasinthepo. M'masiku a agogo a agogo anu unali 7,900, lero ndi womwewo. Cimene cakhala cisinthasintha ndi ulendo wake: masiku ake, mtengo wake, njira yake, ndi anthu amene angathe kuuyenda. Mbiri ya kusintha kumeneku ikhudza kwathu kuno kuposa mmene mungaganizire.

Miyezi 11 ndi theka

Tiyambe ndi ulendo umene masiku ake analembedwa bwino. Kuseri kwa Luangwa ndi mapiri a Muchinga, kumpoto cakumadzulo kwa Petauke, kuli dziko la mfumu Chitambo. Kumeneko David Livingstone anamwalira pa 1 Meyi 1873. Anthu amene anali kuyenda naye, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo wa mpundu, naumitsa mtembo ndi mcere ndi dzuwa. Atatero anaunyamula pa mapewa mtunda woposa makilomita 1,500 kufikira ku Bagamoyo, m'mbali mwa nyanja ya mcere, kumene anafika mu Febuluwale 1874. Ena mwa iwo anafera m'njira. Kucokera pamenepo mtembo unakwera sitima ya pamadzi kudzera ku Zanzibar ndi ngalande ya Suez, ndipo unaikidwa m'manda ku Westminster Abbey mu London pa 18 Epulo 1874.

Werengani bwino masiku amenewa. Gawo la pansi, la mu Africa, linatha miyezi 9. Gawo la pamadzi, limene linali lalitali kwambiri, linatha miyezi iwiri cabe. Kuyambira kalekale, cigawo covuta ca ulendo wa ku London cakhala cimene cili pafupi ndi kwathu.

Makolo athu a ku Unsenga anali kucidziwa cimeneci ndi miyendo yao. Msonkho utayamba, amuna ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba anapita kukafuna nchito ku Walale, kumene lero ndi ku Zimbabwe. Anali kutsika pansi kufika ku Feira, kumene tsopano timati ku Luangwa Boma, kuoloka Zambezi pa bwato, ndi kupitirira m'chire la mikango ndi ludzu kwa milungu ingapo. Pa mapu, kucoka ku Petauke kufika ku Harare moongoka ndi makilomita 400 okha, mtunda umene ndeke ya masiku ano imaliza ola lisanathe. Koma unali wokwanira kusandutsa amuna ena machona, osabwereranso kwa akazi ao ndi ana ao. Azungu a boma ndi a mishoni anali kuyenda pa macila kapena pa njinga, katundu wao ali pamitu ya amtengatenga.

Ndeke yoyamba ndi zulu za ku Ndola

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, Angelezi anafuna kutsegula njira ya ndeke yocoka ku Cairo kufika ku Cape Town. Ndeke za nthawi imeneyo sizinali kunyamula mafuta ambiri, motero panafunika mabwalo oterapo pafupipafupi. M'caka ca 1919 anthu akuda mazanamazana analembedwa nchito yodula mitengo, kuzula zitsa ndi kusalaza zulu zazikulu ndi makasu ndi madengu, makamaka ku Ndola. Maina ao sapezeka m'mabuku, koma popanda iwo sipakanatera ndeke.

Pa 4 Febuluwale 1920, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, oyendetsa ndeke a ku South Africa, ananyamuka ku Mangalande pa ndeke yochedwa Silver Queen. Inagwa isanafike ku Wadi Halfa. Anatenga ina ku Cairo, ndipo imeneyo ndiyo inadutsa m'dziko lathu, kutera ku Abercorn (Mbala), ku Ndola, ku Broken Hill (Kabwe) ndi ku Livingstone. Nayonso inagwa ku Bulawayo. Anafika ku Cape Town pa 20 Malichi pa ndeke yacitatu, patapita masiku 45. Lero tingati ulendo wa ngozi zokhazokha, koma anthu a nthawi ija anaona kuti miyezi yasanduka milungu.

M'caka ca 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba kuyenda mlungu uliwonse pakati pa London ndi Cape Town. Makalata anayamba mu Januwale, anthu mu Epulo. Ulendo wonse unali wa masiku 11, ndipo kufika m'dziko lathu kunali kupitirira mlungu umodzi. Musaganize kuti munthu anali kukhala m'ndeke imodzi masiku onsewo. Anali kuuluka kufika ku Paris, kukwera sitima ya panjanji kufika ku Brindisi ku Italy, kuoloka Mediterranean pa ndeke yotera pamadzi, kenaka kutsata mtsinje wa Nile kudzera ku Khartoum ndi Juba, kufika ku Kisumu, Nairobi, Dodoma, Mbeya, Mpika ndi Broken Hill. Usiku anali kugona m'mahotela ndi m'nyumba za alendo, m'mawa kunyamukanso. Yerekezani njira imeneyi ndi ulusi wanu uja ndipo mudzaona kuti inakhotera kwambiri kum'mawa. Cifukwa cake ndi mafuta ndi ndale: ndeke inali kulumpha kucoka pa bwalo lina kufika pa lina, ndipo mabwalowo anali m'maiko olamulidwa ndi Angelezi.

Mtengo wa tikiti yocoka ku London kufika ku Cape Town unali mapaundi 130. Msonkho umene unali kuthamangitsa agogo anu kupita ku Walale sunali kukwana paundi imodzi pa caka. Tikiti imodzi inali yoposa msonkho wa munthu wa zaka 130.

Mlandu wa nthaka yathu ku London

Mwina mufunsa kuti, nanga ife a ku Petauke ndi ku Nyimba zimenezi zitikhudza bwanji, popeza ndekezo zinali kudutsa ku Mpika ndi ku Kabwe? Tamverani izi.

M'caka ca 1895, kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inapatsa kampani ina yochedwa North Charterland Exploration Company dziko lalikulu masikweya mailosi 10,000 kum'mawa kwa Luangwa. M'kati mwake munali dziko la Angoni, la Acewa ndi la Ansenga. Eni ake a masheya a kampaniyo ambiri anali ku Ulaya ndipo sanapondepo nthaka imeneyi. M'caka ca 1928 boma la atsamunda linadula malo ochedwa malizevu, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa kukapanikizana m'menemo kuti malo otsala adikire alimi acizungu. Ambiri mwa alimiwo sanabwere konse. Malo abwino anasanduka thengo, pamene m'malizevu nthaka inaguga ndipo njala inakula.

Kampani ija inadandaula kuti boma laitengera malo ake popanda malipiro. Nkhaniyo inafufuzidwa m'caka ca 1932, caka comweco ndeke za Imperial Airways zinayamba kuyenda, ndipo wofufuza anali woweruza wochedwa Maugham. Kodi bwalo lake linakhala pansi pa mtengo kwa Kalindawalo, kwa Ndake kapena kwa Nyalugwe? Iai. Linakhala ku London, makilomita 7,900 kucokera pa minda imene anali kukanganirana. Kalata ya Bwanamkubwa kapena ya akuluakulu a kampani inali kufika kumeneko m'masiku owerengeka. Mlimi amene anasamutsidwa analibe njira yofikitsira mau ake, ngakhale kudziwa kuti kuli bwalo lotero. Boma linadzagula malo otsala a kampaniyo mu 1941, ndipo anthu anayamba kubwezedwa pang'onopang'ono.

Pa zonse za m'mbiri imeneyi, ici ndico ciyenera kukumbukika koposa. Ndeke inafupikitsa ulendo, inde, koma inaufupikitsira mbali imodzi. London inayandikira Petauke, koma Petauke sanayandikire London.

Pansi napo zinthu zinali kuyenda, ngakhale mocedwa. Mseu wa Great East unatsegulidwa kwa motoka cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo ulalo woyamba wa pa Luangwa unamangidwa ndi ndalama za Beit Trust kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935. Koma mseuwo unali wafumbi, ndipo m'dzinja malole anali kutitimira m'matope ndi kugona m'njira.

Masiku asanduka maola

Nkhondo yaciwiri inasiya ndeke zamphamvu ndi oyendetsa ambiri. Kuyambira 1948 kufika 1950 kampani ya BOAC inali ndi ndeke zotera pamadzi zochedwa Solent, zocoka ku Southampton kupita ku Johannesburg masiku 4 ndi theka. Zinali kutera pa Nile, pa nyanja ya Victoria, ndi pa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Kwa kanthawi zinateranso pa Cape Maclear pa nyanja ya Malawi. Akuti asanatere, bwato linali kuyamba layendera pamadzipo kuona ngati palibe mitengo yoyandama kapena mvuu.

Tsiku loyenera kulilemba m'kope lanu ndi 2 Meyi 1952. Pa tsikuli ndeke ya Comet inanyamuka ku London ndi anthu 36, ndipo unali ulendo woyamba pa dziko lonse wa ndeke ya jeti yonyamula anthu olipira. Inatera ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, nifika ku Johannesburg patapita maola 23 ndi mphindi 40. Taonani, dziko lathu linali pa njira ya ulendo woyamba umenewu. Zaka 79 kucokera pa imfa ya Livingstone, ulendo wa miyezi 11 ndi theka unakhala wosakwana tsiku limodzi, ndipo ndekeyo inatera pa mzinda wa dzina lake.

Cimwemwe ca Comet sicinakhalitse. M'caka ca 1954 ziwiri zinasweka zili mumlengalenga pafupi ndi Italy, ndipo imodzi inali pa ulendo womwewu wa ku Johannesburg. Ofufuza anapeza kuti citsulo ca thupi la ndeke cinali kutopa cifukwa ca kufufuma ndi kuphwa pokwera ndi potsika, mpaka kung'ambika kuyambira m'makona a mazenera ndi zibowo zina. Mukadzakwera ndeke, mudzayang'ane mazenera ake: alibe makona akuthwa.

Kampani ya Central African Airways, imene inayamba mu 1946, inali ndi ndeke zing'onozing'ono zofika ku Fort Jameson (Chipata). Mzere wa Lusaka ndi Chipata udutsa pafupi kwambiri ndi Nyimba ndi Petauke, motero agogo anu anazimva ndithu zikulira pamwamba pa minda yao. Atsogoleri omenyera ufulu nao anafunikira ndeke, pakuti ufuluwo unali kukambidwa ku London. Msonkhano womaliza wokonza za ufulu wa Northern Rhodesia unacitikira komweko mu Meyi 1964, ndipo Kenneth Kaunda ndi Harry Nkumbula analipo. Nthawi imeneyi eni dziko anafika okha pa bwalo, osati monga mu 1932.

Nkwazi

Ufulu utabwera, Zambia inafuna ndeke zakezake. Zambia Airways inayamba mu 1964 ili pansi pa Central African Airways, niima payokha mu 1967 mothandizidwa ndi kampani ya ku Italy ya Alitalia. Caka comweco bwalo lalikulu la ndeke la Lusaka linatsegulidwa, limene kuyambira 2011 lichedwa Kenneth Kaunda International Airport. Caka cotsatira, 1968, ulalo watsopano wa pa Luangwa, uja wolendewera pa zingwe zacitsulo umene muolokapo popita ku Lusaka, unatsegulidwanso.

M'caka ca 1984 kampaniyo inalandira ndeke yaikulu ya DC-10, ya mainjini 3, niipatsa dzina lakuti Nkwazi, mbalame ya pa mbendera yathu. Ndeke yotere iyenda makilomita pafupifupi 900 pa ola, ndiye kuti makilomita 70 a pakati pa Nyimba ndi Petauke ingawamalize mphindi 5 zisanakwane. Inali ndi mphamvu youluka kucoka ku Lusaka kufika ku London osatera pena paliponse, maola ngati 10. Munthu anali kudya cakudya ca madzulo pamwamba pa Congo, kugona pamwamba pa Sahara, ndi kudzuka ali ku Mangalande. Ngakhale wochi sinali kuvuta, pakuti ulendowu ndi wolunjika kumpoto: London itsalira m'mbuyo mwa Zambia ndi maola awiri m'nyengo yao yozizira, ndi ola limodzi m'nyengo yao yotentha. Ulendo weniweni unafanana ndi ulusi uja wa pa mpira. Mu 1988 Nkwazi inayambanso kufika ku New York kudzera ku Monrovia.

Funsani akuluakulu a kwanu za masiku amenewo. Adzakuuzani kuti munthu wonyamuka ku Lusaka kupita ku London anali kutha kufika msanga kuposa mnzake wodikira basi ya UBZ yopita ku Petauke, amene nthawi zina anali kugona pa sitesheni masiku awiri asanapeze malo.

Koma kukhala ndi ndeke zazikulu kufuna ndalama zakunja, za mafuta, za zipangizo ndi za ngongole, ndipo mtengo wa mkuwa unali utagwa. Kampaniyo inali ndi anchito ambiri kuposa ndeke zake, ndipo nkhongole zinakula caka ndi caka. Maiko ndi mabanki obwereketsa ndalama anaumiriza boma kuti lileke kuthira ndalama m'makampani osapindula. Mu Disembala 1994, m'nthawi ya Pulezidenti Frederick Chiluba, Zambia Airways inatsekedwa. Posakhalitsa UBZ nayonso inatsekedwa. Ena amati boma linacita bwino kutseka dzenje lomeza ndalama, ena amati linafulumira kupha cinthu cimene cikanacira. Kenya ndi Ethiopia, amene anasunga makampani ao ndi kuwakonza, ndiwo atinyamula lero, ndipo cimeneci cipatsa mphamvu mau a gulu laciwirili.

Ulendo watalikanso

British Airways inapitiriza kuuluka molunjika pakati pa London ndi Lusaka kufikira Okutobala 2013, pamene inaleka ponena kuti njirayo sinali kupindula. Kuyambira pamenepo wopita ku London ayenera kusintha ndeke kwina. Zambia Airways yatsopano, imene inayamba mu Disembala 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, inayamba ndi maulendo a m'dziko momwe muno ndi a maiko oyandikana nafe.

Tengani ulusi uja muyesenso. Kudzera ku Nairobi ulendo ukhala makilomita ngati 8,600. Kudzera ku Addis Ababa, ngati 8,800. Kudzera ku Johannesburg muyamba mwabwerera kum'mwera makilomita 1,200, ndipo onse pamodzi apitirira 10,000. Kudzera ku Dubai ayandikira 11,000, ndiye kuti makilomita 3,000 oonjezera pa njira yoongoka. Maola 10 aja asanduka 14, 18, kapena kuposa pamenepo, malinga ndi nthawi yodikira ndeke yaciwiri. Njira za ku Nairobi ndi ku Addis Ababa zakhoteranso kum'mawa monga ija ya 1932, koma tsopano cifukwa si kucepa kwa mafuta. Makampani apeza phindu posonkhanitsa anthu a maiko ambiri pa bwalo limodzi lalikulu ndi kuwadzaza m'ndeke imodzi.

Codabwitsa ndi cakuti m'zaka zomwezo za m'ma 2010, pamene njira ya mumlengalenga inali kutalika, mseu wocoka pa ulalo wa Luangwa kudzera ku Nyimba, Petauke, Sinda, Katete ndi Chipata kufika ku Mwami unamangidwanso ndi thandizo la European Union ndi mabanki ena a citukuko. Cigawo ca pansi cinafupika, ca m'mwamba cinatalika.

Motero mlongo wanu wa ku Petauke amene wapeza malo a maphunziro kapena nchito ya unamwino ku London, atatha kale nkhondo ya pasipoti ndi viza, adzakwera basi ya m'mawa, adzafika mu Lusaka masana ali pa mtunda womwewo wa 7,900 kucokera kumene apita, ndipo adzakwera ndeke yoyang'ana ku Nairobi, ku Addis Ababa, ku Doha kapena ku Dubai. Ngati zonse zayenda bwino adzatera ku London tsiku lotsatira. Kabwalo ka ndeke ka ku Petauke kalipo, koma kalibe ndeke za anthu olipira zoyenda masiku oikika. Zimene mumva zikulira pamwamba mukamalima kawirikawiri ndi zoyenda pakati pa Lusaka ndi kum'mawa kuno kapena Lilongwe, ndipo zimadutsa osatsika.